Tikuumira M'nyumba: Madandaulo a Anthu Ovulala Msana

Ife amene tikulemba mawu awa ndife anthu ovulala msana, amuna ndi akazi, pamodzi ndi abale amene amatisamala usana ndi usiku. Timakhala m'midzi yotalikirana, ena kumapiri, ena kuchigwa. Ambiri tinadziwana m'wodi ya chipatala tili chigonere, maso ali kudenga, ndipo lero timalankhulana pa foni mayunitsi akapezeka. Sitinabadwe chonchi. Wina anagwa mumtengo wa mango akuthyolera ana ake. Wina anagundidwa ali pa kabaza. Wina khoma la nyumba linamugwera usiku wa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, wina dothi linamukwirira akukumba mchenga wogulitsa, ndipo mayi wina anaterereka potsika phiri atasenza mtolo wa nkhuni. Aliponso ena amene sanagwe paliponse: TB inalowa m'mafupa a msana mwakachetechete, miyendo n'kuyamba kulemera, kenako n'kuzizira. Ena tinafa ziwalo kuyambira m'chiuno kutsika, ena kuyambira pachifuwa, ndipo amene anavulala khosi ngakhale supuni zala zawo sizigwira.

Nkhani yathu ndi imodzi. Titatuluka m'chipatala, kwathu kuno kulibe malo oyandikira kumene tingapite kukachita mafizo ndi masewero olimbitsa thupi. Matupi athu akuuma, ena akuwola, ife tikuona ndi maso.

Tisayambe ndi kunyoza. Kuchipatala anatithandiza. Anamwino ankatitembenuza pakatha maola awiri aliwonse, ndipo anaphunzitsa magadiyani athu kuchita chimodzimodzi. Wa mafizo ankabwera n'kugwira mwendo, kuupinda pabondo, kuuwongola, kuzunguza phazi, kenako n'kutiphunzitsa kudzuka ndi zigongono, kukhala tsonga osagwera kumbali, ndi kusamuka pabedi kupita pa chikuku. Ochepa mwa ife anachita mwayi wokakhala ku Kachere ku Blantyre, malo a bungwe la MAP. Amenewo mpaka lero amasimba za zitsulo ziwiri zogwira poyesa kuima, ndi za choimikira munthu chilili atamumanga m'mawondo ndi m'chiuno. Mmodzi amati tsiku limene anamuimika anaonanso pamwamba pa mitu ya anthu, chinthu chimene anali ataiwala kuti chimatheka. Timamvanso kuti mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION pa Kamuzu Central, ndi kuti sukulu ya madokotala ku Blantyre inayamba kuphunzitsa akatswiri a mafizo mu 2010. Zonsezi timayamikira. Koma zili m'tauni, ife tili kumudzi.

Tsiku lotuluka amalemba m'kabuku ka kuchipatala kuti tidzabwere ku fizo tsiku lakuti. Wolembayo amalemba ndi mtima wabwino, mwina sadziwa ulendo umene watilembera.

Ulendowo umayamba dzulo lake. Madzulo umakana nsima, madzi umangonyowetsa kukhosi, kuopa kudzionongera panjira, pakuti ambiri a ife sititha kudziletsa mkodzo kapena chimbudzi. Gadiyani amazungulira mudzi kupempha anyamata oti adzakunyamule m'mamawa, ndipo anyamatawo nawonso ali ndi minda yawo ndi maganyu awo. Kuchoka pakhomo kukafika kumsewu njira ndi ya mchenga, ina yodutsa m'mizere ya m'munda, ina yowoloka mtsinje pa mitengo iwiri. Chikuku sichidutsa m'menemo. Amakunyamula pa machira a nsungwi, kapena mumapempha ngolo, mwini ng'ombe n'kutchula mtengo wake. Ukakwera njinga yamoto, munthu wopanda mphamvu m'chiuno sukhala wekha. Amakuika pakati, amakumangirira kwa woyendetsa ndi chitenje, gadiyani n'kukhala kumbuyo atakukumbatira, miyendo ili lendelende. Phazi likakhudza paipi yotentha ya utsi sumva kanthu. Umadzadziwa mutafika, poona khungu litasupuka ndi matuza odzaza madzi, ndipo bala limenelo lingatenge miyezi kuti lipole.

Pamsewu makondakitala akaona chikuku amangoyang'ana kumbali, minibasi n'kudutsa. Imene yaima imalipiritsa mipando itatu: wako, wa gadiyani ndi wa chikuku. Pokukweza amakugwira mothamanga, wina m'khwapa, wina m'miyendo, chitenje chikuvuka, thumba la mkodzo likuonekera, anthu onse maso pa iwe. Ulendo umodzi wopita ndi kubwera umadya ndalama imene ikanagula ufa wa masiku ambiri, ndipo chichepereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yokwerera sinabwererenso pansi. Mbuzi zinapita choncho. Nkhuku, wailesi, njinga yakapalasa, zonse zinapita. Ena tinabwereketsa munda kwa oyandikana nawo, tsopano tikugula chimanga chochokera m'munda mwathu momwe.

Ukafika, mzere watalika kale. Wa mafizo ndi mmodzi kapena awiri, ndipo akuyembekezedwa ndi ana obadwa ndi ulumali, odwala sitiroko, othyoka mikono ndi miyendo, ndi ena ogona m'mawodi. Sitimudandaula munthuyo, timaona momwe amatopera. Koma iwe wakhala pa chikuku kuyambira mbandakucha, thako likupsa osadziwa, m'mimba muli zii. Ikafika nthawi yako amakupinda miyendo mphindi zowerengeka, n'kukuuza kuti uzipitiriza kunyumba, ubwerenso mwezi wamawa. Masiku ena umapeza chitseko chotseka, akuti apita kumsonkhano. Umabwerera m'mene unadzera, ndalama yatha, ndipo usiku gadiyani akayatsa tochi amapeza pathako pada. N'chifukwa chake ambiri tinasiya kupita. Amene amaona kabuku kathu amati tinasiya tokha mwadala. Sitinasiye mwadala, choti tigulitse chinatha.

Tsono tikuuzeni zimene zimachitika m'nyumbamu, poti inu simulowamo. Mwendo umene sukupindidwa ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku umayamba kukana. Poyamba phazi limagwa, zala n'kuloza pansi, nsapato osalowanso. Kenako bondo limakana kuwongoka. Kenako ntchafu zimapanikizana kwambiri moti gadiyani akafuna kukusambitsa amachita kulimbana nazo, thukuta kamukamu. Usiku miyendo imadumpha yokha n'kukukoka mpaka kukuchotsa pamphasa. Pali mnyamata wina pakati pathu amene anatuluka m'chipatala akutha kukhala pa chikuku ndi kudziyendetsa yekha pabwalo. Lero mawondo ake ali pachifuwa, wauma gwa ngati chikuni, sangakhalenso pampando uliwonse. Chikuku chake chili pakona m'nyumba, nkhuku ikuikiramo mazira. Amayi ake amamutulutsira pakhonde atamunyamula m'bulangete kuti aone dzuwa.

Ndiye pali zilonda. Zimayamba ndi kachigamba kakuda pathako, pafupa la m'chiuno kapena pachidendene, ndipo mwini wake sumva. Timagona pamphasa, pansi pali dothi kapena simenti, matiresi ndi a anthu ochepa. Kachigambako kamaphulika, kamazama, mpaka kukhala dzenje. Fungo limatuluka kukafika pakhonde. Obwera kudzazonda amaima pakhomo, amapereka moni ali chiimire, n'kunena kuti asiya mphika pamoto. Gadiyani amatsuka ndi madzi owiritsa othira mchere, n'kuphimba ndi nsanza za chitenje, poti bandeji sapezeka nthawi zonse. Musaganize kuti nkhani ya zilonda ndi ina, ya masewero ndi ina. Munthu amene mikono yake ili ndi mphamvu amadzinyamula pang'ono kapena kupendekera kumbali nthawi ndi nthawi ali pa chikuku kuti magazi ayende. Usiku amadzitembenuza yekha osadzutsa munthu. Amene mikono yake yafooka amakhala pomwe amusiya mpaka wina akumbukire.

Otisamalawo nawonso atha. Pali mayi wokalamba amene amanyamula mwana wake wandevu m'mawa uliwonse, ndipo msana wake tsopano ukumuwawa moti amayenda chowerama. Pali mtsikana amene anasiya sukulu ali Sitandade 7 kuti azitembenuza bambo ake, kuchapa zofunda ndi kutunga madzi kumjigo kangapo patsiku, poti nyumba ya munthu wovulala msana imadya madzi ndi sopo kuposa nyumba ina iliyonse. Maukwati ambiri anatha. Akazi ena anapirira zaka asanabwerere kwawo, ndipo sitiwaweruza. Amuna ambiri sanadikire n'komwe kuti mkazi atuluke m'chipatala.

Ena amatiuza kuti, “Bwanji osamangochita mafizowo pakhomo?” Timayesa. Koma gadiyani anangoonerera kuchipatala masiku ochepa, mtima uli m'mwamba, ndipo zambiri anaiwala. Amaopanso, ndipo kuopako kuli ndi chifukwa. Mafupa a miyendo imene sikunyamula thupi amafooka. Mmodzi wa ife anakokedwa mwendo mwamphamvu ndi mchimwene wake wofuna kumuthandiza, fupa la ntchafu n'kuthyoka, iye osamva kuwawa. Anadziwa m'mawa poona kutupa. Amene anavulala chakumtunda, pachifuwa kapena pakhosi, ali ndi vuto linanso: mwadzidzidzi mutu umagunda koopsa, thukuta n'kutuluka kumaso, BP n'kukwera, pamene chayambitsa ndi paipi ya mkodzo imene yapindika kapena yatsekeka. Abale osadziwa amathamangira Panado, pamene chofunika n'kumukhazika tsonga, kumasula zovala ndi kuona paipiyo msanga. Zinthu ngati izi zimafuna munthu wophunzira woti aziona zimene tikuchita, kutikonza ndi kutikumbutsa.

Za zikuku tinene pang'ono. Zambiri zimene tinalandira zinapangidwira m'makonde osalala a chipatala. Timatayala take takutsogolo timatitimira mumchenga, pakapita miyezi chitsulo n'kuthyoka, wowotcherera pamsika n'kufuna ndalama. Zina ndi zazikulu kuposa mwini wake, zilibe khushoni, ndipo zimayambitsa zilonda zomwezo. Pokankha chikuku chotere pamalo okwera mapewa amatha. Kwa ife mapewa ndiwo atsala, akawawa ndiye kuti ulendo wa pakhomo wathera pomwepo.

Chimbudzi ndi chokumba, chili kuseri, khomo lake ndi lopapatiza, ndipo munthu wosatha kunjuta sangachigwiritse ntchito. Timathandizidwira m'nyumba, pandowa, ana akuona. Pofuna kuchepetsa manyazi timachepetsa madzi akumwa, mkodzo n'kuda, kununkha, thupi n'kutentha, kenako ulendo wina wa kuchipatala. Thupi losasuntha m'mimba mumauma, masiku n'kupita. M'mwezi wa Okutobala, pansi pa malata otentha, ena a ife thupi silituluka thukuta kumunsi kwa povulala, ndiye timangogona tafunda chitenje chonyowa. Ena tanenepa chifukwa chokhala, ndipo wotinyamula akuvutika koposa. Ena awapeza ndi BP, ena shuga.

Pakamwa pa anthu napo sipatisiya. Ena amati tinalodzedwa, ena amati tinalakwitsa zizimba pofuna kulemera. Ambiri tili ndi mphini m'misana ndi m'miyendo chifukwa abale anatitengera kwa asing'anga, ndipo kumeneko kunapitanso nkhuku ndi ndalama. Ena anatinyamulira kumapemphero, n'kutiimika mokakamiza pamaso pa gulu, titagwa n'kunena kuti chikhulupiriro chathu n'chochepa. Koma funso limene limatilasa kwambiri ndi lakuti, “Mafizowo ngachiyani poti simudzayendanso?” Amafunsa ndi abale athu enieni, nthawi zina ngakhale anthu ophunzira.

Tiyankhe pano. Ambiri a ife tikudziwa kuti sitidzayendanso, tinalira kale zimenezo. Masewero olimbitsa thupi sadzalumikiza mtsempha umene unaduka, ndipo aliyense wotilonjeza zimenezo akutinamiza. Chimene tikufuna n'chakuti munthu athe kuchoka pamphasa kukwera pa chikuku popanda kuitana mwana. Athe kudzivala, kudzisambitsa, kukhala tsonga n'kusenda nandolo, kusoka, kukonza mafoni, kugulitsa tomato pakhonde. Mayi athe kukhazika mwana wake pamiyendo osagwa naye. Mtima ndi mapapo zigwire ntchito, m'mimba muyende, tulo tibwere usiku. Pakati pathu pali telala, pali kalipentala, pali mphunzitsi. Mitu yathu ili bwino, ndipo ambiri manja ali bwino.

Mphunzitsi ameneyo ndiye amatiwerengera zinthu pa foni. Anatiuza kuti mu 2018 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anagwirizana za muyezo wa masewero kwa akuluakulu ovulala msana: mphindi zosachepera 20 za masewero othamangitsa mtima kawiri pa sabata, ndiponso masewero olimbitsa minofu imene ikugwirabe ntchito kawiri pa sabata. Wofuna kuteteza mtima wake ku matenda azichita mphindi 30 katatu pa sabata. Titamva tinadabwa kuchepa kwake. Anatiuzanso za dokotala wina, Ludwig Guttmann, amene mu 1944 anatsegula wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England, nthawi imene anthu otere ambiri ankafa msanga ndi zilonda ndi matenda a mkodzo. Iye analamula kuti odwala azitembenuzidwa usana ndi usiku, adzuke pabedi, agwire ntchito zamanja ndi kusewera. Mu 1948 anawakonzera mpikisano woponya mivi ali pa zikuku, ndipo mpikisano umenewo ndiwo unakula mpaka kukhala masewero a Paralympics, amene anayamba ku Rome mu 1960. Zimene zinkapha anthu kumeneko zaka 80 zapitazo ndi zomwe zikutipha ife lero. Bungwe la WHO linanena kuti munthu wovulala msana ali pachiopsezo chofa msanga kawiri mpaka kasanu kuposa munthu wina, ndipo m'mayiko osauka zinthu n'zoipirapo. Ife izi sitinazidziwire pa foni, maliro tawaona.

Musaganize kuti tangokhala manja lende. Kudera lina anzathu anayesapo okha. Anapempha kachipinda ka pa tchalitchi, achinyamata n'kuthira dothi pamasitepe kuti chikuku chikwere. Anazika mitengo ya bulugamu m'mizere iwiri yogwira. Anadzaza mchenga m'mabotolo a madzi kuti azinyamula, anadula mphira wa chubu cha njinga n'kuumangirira pazitsulo za windo kuti azikoka. Mnyamata wina amene anagwirapo ntchito yothandiza wa mafizo ankabwera Lachitatu ndi Loweruka popanda malipiro. Ankayala mphasa ziwiri ndi bulangete, n'kumaonetsa magadiyani pogwira bondo, potsamiritsa chidendene, ndi poyenera kulekezera. Pomaliza ankaponyerana mpira wa netiboli atazungulira. Amene analipo amati kunali kuseka kumene anali asanakumve chivulalireni. Bambo wina amene ankakana kutuluka m'nyumba anayamba kumeta ndevu Lachiwiri madzulo pokonzekera. Mayi wina anaphunzira kusamuka yekha pa chikuku poonera mnzake wovulala chimodzimodzi, chinthu chimene munthu woyenda sakanatha kumuonetsa bwino. Ankauzananso zosakambika pagulu: za paipi, za m'mimba, za m'banja.

Sizinakhalitse. Mnyamata uja anali ndi banja lake loti adyetse, ndipo anapita ku Johannesburg kukafuna ganyu. Mvula itabwera dothi la pamasitepe linakokoloka, chiswe chinadya mitengo ija, kachipindako n'kukhala kosungiramo matumba. Otsalawo anaopa kupitiriza popanda wowayang'anira. Aliyense anabwerera kumphasa yake.

Komatu pamenepa tinaona kuti chinthuchi n'chotheka, ndipo si chodula. Tili ndi maso, timaona zimene zimafika m'midzi. Sikelo ya ana imafika mwezi ndi mwezi, ngakhale pansi pa mtengo. Katemera amafika. Anzathu omwa ma ARV ali ndi magulu awo. Mlangizi wa zaumoyo alipo m'dera lililonse, amadziwa nyumba iliyonse, ndipo ena mwa iwo amatimvera chisoni, kungoti za msana sanaphunzitsidwe. Ndiye chovuta n'chiyani kuti pa chipatala chaching'ono, pasukulu kapena pa holo ya m'dera pakhale chipinda chimodzi chopanda masitepe, chokhala ndi chimbudzi cholowa chikuku, matiresi awiri, zitsulo zogwira ndi choimikira chimodzi chopangidwa ndi akalipentala akonkuno? Alangizi ndi anthu odzipereka aphunzitsidwe, ena mwa ophunzitsidwawo akhale ife eni ake, ndipo wa mafizo wa kuboma azibwera kamodzi pamwezi kudzaona ngati zikuyenda bwino. Amene sangathe n'komwe kutuluka m'nyumba aziwayendera. Sitingakwanitse malo olimbitsira thupi a m'tauni, amene ndi olipira ndipo ambiri ali pamwamba pa masitepe. Mabwalo a mpira alipo mudzi uliwonse, ndipo chisankho chikayandikira zikho ndi mayunifomu zimachuluka. Ife amene masewero ali mankhwala athu palibe amatiwerengera.

Malamulo akuti alipo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo m'panganomo muli mawu onena kuti chithandizo chobwezeretsa mphamvu chizipezeka pafupi ndi kumene anthu amakhala, kuphatikizapo kumidzi. Mu 2012 kunabwera lamulo la anthu aulumali, mu 2024 kunabweranso lina latsopano. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu khumi aliwonse. Tinawerengedwa ndithu. Anthu a mabungwe amabwera ndi galimoto, amalemba mayina, amajambula zithunzi, nthawi zina amapempha kuti tivundukule chilonda kuti chioneke bwino. Amati abweranso. Pa 3 Disembala, tsiku la anthu aulumali, ena a ife amatengedwa kukakhala kutsogolo pamsonkhano, amatipatsa malaya olembedwa mawu ndi botolo la zakumwa, akuluakulu amalankhula, madzulo n'kutitula pamsewu kuti tione tokha m'mene tingakafikire kunyumba. Ndalama za Mtukula Pakhomo ena amalandira, ambiri sitinalowemo, ndipo kwa olandirawo zimathera sopo ndi matewera.

Mutikhululukire, akuluakulu, ngati mawu otsatirawa atuluke owawa. Sitinaleredwe molalatira akulu, ndipo takhala tikudziletsa nthawi yaitali. Koma takwiya. Takwiya chifukwa anzathu amene tinagona nawo wodi imodzi, amene madokotala anawapulumutsa ndi ndalama zambiri ndi ukatswiri, tawaika m'manda chifukwa cha chilonda cha pathako ndi matenda a mkodzo. Ngozi sinawaphe, anapulumuka. Anafera pakhomo, pang'onopang'ono, ndi zinthu zimene aliyense wa zaumoyo amadziwa kuti zimapeweka. Pamaliro anthu amati wapumula, anavutika kokwanira, ndipo ife otsala timamva mawu amenewo tili m'nyumba, timadziwa kuti adzanenanso chimodzimodzi za ife. Munatipulumutsiranji ngati mumafuna kuti tikawolere kumudzi? Pepani, funso limeneli ndi lolemera, koma ndi limene timafunsana tikaimbirana foni usiku.

Tatopa kuuzidwa kuti ndalama palibe pamene misonkhano yokambirana za ife ikuchitikira kunyanja, ife eni ake kulibeko. Tatopa kuthokoza chifukwa cha chikuku chosatikwana. Tatopa kuona ana athu akusiya sukulu kuti akhale miyendo yathu. Tinali alimi, tinkalipira ziphaso pamsika, tinkaumba njerwa za sukulu ndi za chipatala chomwecho chimene lero sitingalowemo. Pa chisankho amatinyamula kukavota, tsiku limenelo galimoto imapezeka. Ndipo ngozi imene inatipeza ife sinathe: njinga zamoto zikuchulukirachulukira, mango akupsa chaka chilichonse, anthu akukumbabe mchenga. M'mawodi muja mabedi athu agonapo kale ena, ndipo nawonso posachedwa alemberedwa m'kabuku tsiku lobwera ku fizo.

Kwa inu amfumu, tikupempha malo ndi mawu anu pabwalo, kuti anthu aleke kubisa ovulala m'nyumba. Kwa inu abusa ndi mashehe, chipinda chimodzi masiku awiri pa sabata. Kwa inu makhansala, aphungu ndi akuluakulu a zaumoyo, pokonza ndondomeko ya chitukuko cha dera muikemo nkhani imeneyi, ndipo pokambirana mutiitane, tili ndi pakamwa. Yambani ndi dera limodzi mvula isanagwe, poti ikagwa njira zimatsekeka mpaka Epulo. Mitengo abale athu adula, njerwa za pokwerera chikuku aumba, mphasa tibweretsa zathu. Inu mubweretse munthu wodziwa ntchitoyi, ndipo muzimulipira kuti asatithawe.